Kalata yotseguka kwa Nduna ya za M'dziko ku Britain: khomo lothawira nkhanza musaliikire mtengo

Olemekezeka Nduna, komanso aphungu nonse a ku Westminster,

Ndine mayi wa ku Malawi. Ndakhala kumpoto kwa England kuno zaka zopitirira 20, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Sindine loya, ndale sindichita. Koma nambala yanga ya foni imayenda m'manja mwa amayi a kwathu, moti banja likavuta pakati pa usiku, kawirikawiri amene amadzutsidwa ndine. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba. Ndalemba m'Chichewa chifukwa amayi amene ndikuwanenawa amalira m'Chichewa, ndipo ndikufuna awerenge okha, adziwe kuti nkhani yawo yafika kwa eni malamulo. Okumasulirani simuwasowa.

Usiku wina mu January, cha m'ma 2 koloko, ndinapita kukatenga mtsikana wina pa siteji ya basi. Ndikuti mtsikana chifukwa ndi msinkhu wa mwana wanga woyamba, koma ndi mayi wa mwana mmodzi. Ndinamupeza atavala patapata pa chisanu chimene chija. Chitenje anali atafunditsa mwana wake wa zaka 7, iye n'kutsala ndi diresi logonera lokha. Mlomo unali utatupa. M'manja anali ndi jumbo, ndipo titafika kwanga n'kuikhuthula patebulo munatuluka yunifolomu ya sukulu ya mwanayo, mankhwala ake a mphumu, chaja cha foni ndi Baibulo. Pasipoti munalibe. Mwamuna ankasunga mapasipoti onse awiri m'galimoto, makiyi n'kumagona nawo. Ndinamuphikira phala koma sanalikhudze. Za kogona sanafunse, za kuchipatala sanafunse. Anangoti, "Anti, ndiye kuti andibweza kumudzi?"

Funso limenelo anamuphunzitsa ndi mwamuna wake. Kwa zaka zitatu ankamva mawu amodzimodzi, akuti ndinakubweretsa ndine, ndikangoimba foni imodzi ukwera ndege. Ndipo mawuwo ankamugwira mtima chifukwa anali ndi potsamira m'malamulo anu. Munthu wobwera kuno pa viza ya ukwati amakhala m'dziko muno chifukwa cha dzina la mnzakeyo. Kale ankadikira zaka ziwiri kuti apeze chilolezo chokhazikika, chija tonse timangochitchula kuti indefinite, koma kuyambira mu July 2012 amadikira zaka zisanu. Zaka zonsezo mapepala ake amati No public funds, kutanthauza kuti thandizo la boma la lendi kapena la chakudya alibe nalo gawo. Nyumba zobisalako amayi othawa nkhanza zimadalira ndalama za lendi zochokera ku boma, choncho mayi wa mapepala oterewa akagogoda, zambiri zimalephera kumulandira. Kwathu mkazi akamenyedwa amathawira kwa ankhoswe, kwa amalume ake, kwa amfumu, olo kwa neba. Kuno ankhoswe ali pa WhatsApp, ndipo uphungu wawo ndi woti banja ndi kupirira, usatichititse manyazi, ana a achimwene ako akudalira fizi yochokera komweko.

Ndinganame nditati khomo lotulukira kulibe. Lilipo, ndipo linabwera chifukwa amayi, makamaka a bungwe la Southall Black Sisters, analimbana ndi boma zaka zambiri. Mu 1999 boma linavomera kuti mkazi amene ukwati wake watha chifukwa cha nkhanza asathamangitsidwe, ndipo mu 2002 zimenezi zinalowa m'malamulo. Mu April 2012 kunabwera chilolezo cha miyezi itatu, choti mayi alandire thandizo la boma pamene akukonza pempho lake la indefinite. Mu January 2024 munaonjezerapo mkazi uja amene mwamuna amamutengera kumudzi ngati kokacheza, n'kumusiya konko atamulanda pasipoti. Zonsezi n'zabwino, ndipo ndaonapo amayi atapulumuka nazo. Usiku umene uja ndinamuuza mtsikanayo kuti sakubweza, pali njira. Anagona.

Patapita masiku tinakhala patebulo lomwe lija ndi pepala ndi bolopeni. Pa mitengo ya April 2025, pempho la indefinite mtengo wake unali mapaundi 3,029 pa munthu mmodzi. Mwana amalipira chimodzimodzi ndi wamkulu. Mwana wakeyu anabadwira ku Malawi asanakwatiwe ndi bamboyu, ndiye nayenso amafunika pempho lake, zonse pamodzi £6,058. Akanakhala ndi ana awiri zikanakhala £9,087. Iye ankagwira ntchito yokolopa m'maofesi pa malipiro otsikitsitsa ololedwa, £12.21 pa ola. Tinagawa, ndipo tinapeza maola 496, msonkho asanadule, asanadye, asanalipire lendi, asanagulire mwana nsapato. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako analitembenuza chafufumimba.

Mundiuza kuti wosowa amakhululukidwa, salipira. N'zoona, ndipo apa m'pamene ndikufuna mumvetsere bwino, chifukwa zimene zalembedwa ndi zimene zimachitika patebulo la m'khitchini zimasiyana. Kuti mayi akhululukidwe, ayenera kutsimikiza kuti ndi wosoweratu, alibe pokhala poyenera kapena sangakwanitse zofunika pa moyo. Kutsimikizako kumafuna mapepala: masitetimenti a kubanki a miyezi ingapo, makalata a malipiro, umboni wa lendi, kalata ya munthu amene akumusunga yofotokoza kuti akumuthandiza bwanji ndipo alekeza liti. Tsono funsani kuti mapepala amenewa ali kuti. Ali m'nyumba imene wathawayo. Malipiro ake ankalowa mu akaunti ya awiri, khadi lili m'thumba la mwamuna, nambala yachinsinsi akudziwa ndi mwamuna. Pa sitetimenti pakuoneka ndalama zikulowa ndi kutuluka, koma iye sanagwirepo ngakhale paundi imodzi. Munthu amene wathawa ndi patapata mukumupempha kuti abwere ndi faelo.

Ndiye palinso msampha wina umene umagwira amayi olimbikira. Mtsikana uyu sanafune kukhala pa sofa yanga mpaka kalekale. Anatsegula akaunti yakeyake, anaonjezera mashifiti, anapeza kachipinda kamodzi ka lendi pafupi ndi sukulu ya mwana. Zimenezi n'zimene boma lililonse limafuna kwa munthu. Koma pamenepo nkhani yake inasintha. Munthu wa ntchito, wa pogona, wodya katatu, angatsimikize bwanji kuti ndi wosoweratu? Komanso munthu yemweyo, amene pakutha pa mwezi amatsala ndi mapaundi 40, angapeze kuti £6,058 miyezi itatu isanathe? Ndamvapo amayi akulangizana kuti usagwire kaye ntchito, khala wosauka mpaka mapepala atuluke. Lamulo limene limapangitsa mayi wamphamvu zake kuopa ntchito lili ndi vuto penapake.

Lamulo lanu la Domestic Abuse Act la 2021 linanena momveka kuti kulanda munthu ndalama, kumuletsa kuzipeza kapena kuzisunga, ndi nkhanza ngati mmene kumenya kulili nkhanza. Kuyambira mu 2015, kupondereza ndi kulamulira mnzako m'banja ndi mlandu. Ndiye kuti boma likudziwa kuti mwamuna wankhanza amayamba kaye watseka thumba la mkazi, chibakera chimabwera pambuyo. Likudziwa kuti mayi wothawa amatuluka chimanjamanja chifukwa umphawiwo ndi mbali ya nkhanzayo. Nanga bwanji boma lomwelo likuimirira pakhomo lotulukira n'kumafunsa ndalama, kapena umboni wa umphawi? Mwamuna uja ankamuuza kuti popanda ine sungakwanitse. Pepala la £6,058 linanena zomwezo, ndipo linali ndi chidindo cha boma.

Mtengo umenewu sunagwe kumwamba. Mu 2003, pamene boma linayamba kulipiritsa, indefinite inali £155. Ine ndinalipira £750 mu 2008, ndipo ndinkaona ngati ndalipira zambiri. Mu 2015 inafika £1,500, mu 2018 £2,389, mu October 2023 £2,885, lero yadutsa 3,000. Malipiro a wokolopa sanakwere choncho, a wosamalira okalamba sanakwere choncho. Unduna wanu umasindikiza wokha ndandanda yosonyeza ndalama zimene zimalowa pokonza pempho lililonse, ndipo pa indefinite chiwerengerocho ndi mapaundi mazana angapo chabe. Zotsalazo ndi phindu, limene lamulo la Immigration Act la 2014 limakulolani kutenga kuti muyendetsere ntchito zina. Nkhani ya ana ofuna unzika itafika ku Supreme Court, zinadziwika kuti pamene mwana ankalipira £1,012, ntchitoyo inkadya £372. Khotilo mu February 2022 linati lamulo likuloleza, ndipo zosintha zili m'manja mwa andale. Ndiye zili m'manja mwanu. Kudya phindu pa wamalonda wobwera ndi chuma chake, anthu angakambirane. Kudya phindu pa mkazi wotupa mlomo, sindikuona amene angakuikireni kumbuyo.

Ndalama ya mtsikana uja inapezeka motere. Gulu lathu la chipereganyu linamudumphitsa mzere kuti alandire mwezi umenewo ngakhale sinali nthawi yake. Amayi a kumpingo anasonkha. Ine ndinachotsa zimene ndinkasungira ulendo wokaona manda a mayi anga. Zitaperewera, anakatenga katapila kwa bambo wina wa kwathu komweko amene amakongoza anthu opanda kolowera, chiwongoladzanja chake chochititsa mantha. Indefinite inatuluka. Tinavina m'khitchini mwanga, mwana akutiseka. Koma mpaka lero akubweza ngongole ija, amagwira mashifiti a usiku pamwamba pa a masana, mwanayo amagona kwanga katatu pa sabata. Iyeyu ndi wamwayi. Wina amene tinakhala naye patebulo lomwelo anamva mtengo, anawerengera ana ake, n'kunena kuti, "Anti, bola ndikapirire zaka ziwiri zatsalazi." Anabwerera. Ndimamuona kutchalitchi atavala malaya a manja aatali ngakhale kukutentha.

Onse awiriwa anali ndi khomo, ngakhale lodula. Pali amayi ambiri amene alibiretu, ndipo pakati pa Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe amene abwera zaka zaposachedwazi, ambiri ali m'gulu limeneli. Kuyambira mu February 2022, pamene munatsegula viza ya osamalira okalamba ndi odwala, mabanja ambiri anabwera, wina pa viza ya ntchito, mnzake ngati wodalira. Ena anabwera ndi amuna awo ophunzira m'mayunivesite. Mkazi wodalira wotereyu akamenyedwa, njira ya indefinite ya ozunzidwa m'banja simukhudza, chifukwa mwamuna wake si nzika ndipo si wokhazikika. Mu February 2024 munamupatsa miyezi itatu ya thandizo, ndipo tinathokoza. Koma miyezi itatuyo ikatha, palibe chotsatira. Viza yake yodalira ija yapita, ina ayenera kuipeza yekha, apo ayi azinyamuka. Ine ndikamamufotokozera mayi zimenezi ndimaona nkhope yake ikugwa, chifukwa wamva kuti akatuluka m'nyumbamo wayamba kuwerenga masiku 90.

Chibakera cha mwamuna wa pasipoti ya Britain ndi cha mwamuna wa viza ya ntchito chimapweteka mofanana. Dziko lino linasaina pangano la Istanbul loteteza amayi ku nkhanza mu 2012, linatenga zaka 10 kuti lilivomereze, ndipo polivomereza mu July 2022 linakana ndime 59, yomwe imanena zopatsa mapepala akeake mkazi amene chilolezo chake chimadalira womuzunza. Ndime imodzi yokhayo imene inalembedwera amayi athuwa ndi imene munaiika pambali. Chotsani kukanako. Mayi aliyense amene watsimikiza kuti wazunzidwa akhale ndi njira yokhazikikira, posayang'ana mtundu wa viza ya womumenyayo.

Amene ali ndi mwana wobadwira kuno kapena wokulira kuno nthawi zina amalowa njira ya zaka 10 yopezera indefinite. Njira imeneyi ndi dzenje la ndalama. Miyezi 30 iliyonse munthu amapemphanso chilolezo, pa mitengo ya 2025 chinali £1,321, n'kuonjezerapo msonkho wa zaumoyo wa £1,035 pa chaka, womwe pa miyezi 30 umakwana £2,587.50. Msonkho umenewu unayamba mu 2015 uli £200, ndipo amaulipira ndi anthu amene akudulidwa kale msonkho pa malipiro awo, ena akugwira ntchito m'zipatala momwemo. Kanayi konse, kenako indefinite pamapeto, munthu mmodzi wapereka zoposa £18,000. Pa zilolezo za miyezi 30 wosowa atha kupempha kukhululukidwa. Pa indefinite yomalizayo, ayi. Choncho pali amayi amene anakwanitsa zaka 10 kalekale, ufulu wokhazikika ndi wawo, koma akungozungulira pa miyezi 30 chifukwa ndalama ya indefinite ija sakuipeza. Munthu wolemera ndi wosauka ayenda ulendo umodzi, wolemera walowa, wosauka watsala pakhonde. Mu October 2024 munalola kuti amasiye osowa, amene amuna kapena akazi awo amwalira ali pa viza ya ukwati, asalipire. Pamenepo munavomereza kuti mtengowu umatsekereza anthu oyenera. Malizani zimene munayambazo.

Za maloya ndingonena mwachidule. Kuyambira mu April 2013 thandizo la boma la maloya linachotsedwa pa nkhani zambiri za mapepala. Pa ozunzidwa m'banja ndi opempha chitetezo linatsala, koma maloya olandira ntchito yotereyi ndi ochepa, ndipo m'matauni ena mumaimba foni sabata yathunthu osapeza wokulandira. Miyezi itatu ija ikuyenda. Mapeto ake mayi amapita kwa wolipiritsa, kapena kwa achinyengo odzitcha alangizi amene amadya ndalama n'kudzaza fomu yolakwika.

Palinso mantha a apolisi, omwe amayenda limodzi ndi nkhani ya ndalamayi. Mu December 2020, oyang'anira ntchito za apolisi, atafufuza dandaulo la mabungwe a Liberty ndi Southall Black Sisters, analangiza kuti apolisi asamapereke mayina a ozunzidwa kwa oona za olowa ndi otuluka. Mu 2021 boma linakana kumanga mpanda umenewo. Mayi Nicole Jacobs, amene udindo wawo woyang'anira nkhani za nkhanza za m'banja unakhazikitsidwa ndi lamulo la 2021 lija, akhala akunena kuti chitetezo cha munthu chibwere patsogolo pa mapepala ake. Pempho la indefinite limafuna umboni wa nkhanza, ndipo umboni wamphamvu umachokera kupolisi. Mayi woopa kuti akaimba 999 abwera kudzatenga iyeyo m'malo mwa womumenya sadzaimba, ndipo tsiku lopempha adzapezeka alibe umboni.

Tsopano za othawa kwawo. Kumpingo kwathu timapemphera ndi anthu ochokera ku Congo, ku Eritrea, ku Sudan, ndipo mavuto athu amakumana pa mzere wolandira chakudya. Chinthu chimodzi chimene dziko lino lakhala likuchita bwino n'chakuti munthu wovomerezedwa kuti ndi wothawa kwawo akakwanitsa zaka zisanu, indefinite amaipeza osalipira. Chimenechi chisungeni. Koma musaganize kuti popeza fomuyo ndi yaulere ndiye kuti ulendo wake ndi waulere. Pamene akudikira yankho, nthawi zina zaka, saloledwa kugwira ntchito kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri, ndipo mu 2025 ankapatsidwa £49.18 pa sabata. Luso lake limachita dzimbiri. Tsiku lomuvomereza likafika, kwa zaka zambiri lamulo linali lakuti atuluke m'nyumba ya boma pa masiku 28, pamene ndalama yoyamba ya thandizo la boma la Universal Credit imatenga pafupifupi masabata asanu kuti ifike. Kalata ya chimwemwe ndi imene imamugoneka panja. Amayamba moyo watsopano ali ndi ngongole.

Mu September 2025 boma lanu linaimitsa njira yaulere imene othawa kwawo ankaitanira akazi awo, amuna awo ndi ana awo. Njira yotsala ndi ya aliyense, yofuna kuti woitanayo azilandira £29,000 pa chaka, kuonjezera malipiro a viza ndi msonkho wa zaumoyo. Bambo amene dzulo lomweli ankakhalira £49.18 pa sabata azipeza liti? Kenako mu November 2025 munalengeza kuti chitetezo chizikhala cha miyezi 30 n'kumaunikidwanso, ndipo kuti akhazikike wothawa kwawo azidikira mpaka zaka 20. Mwezi womwewo munatulutsa maganizo oti anthu ambiri azidikira zaka 10 m'malo mwa zisanu, wolandira malipiro ochuluka adikire pang'ono, wolandirapo thandizo la boma aonjezeredwe zaka. Ndikukupemphani mubweze maganizo amenewa. Munthu wa chilolezo cha miyezi 30 abwana amazengereza kumuphunzitsa ntchito, eni nyumba amazengereza kumupatsa lendi, banki simukongoza. Mukumuuza kuti alemere kaye kuti akhazikike, pamene kusakhazikikako n'kumene kukumusaukitsa. Ndipo ndaona kale zotsatira zake kwa amayi athu. Wina anakana thandizo la mwana wake limene linali loyenera, akuti ndamva kuti ukalandira akuonjezera zaka. Mwanayo ndi amene anagona ndi njala.

Mwana wobwera ali ndi zaka zisanu adzafika zaka 25 asanadziwe ngati kuno ndi kwawo. Ife Amalawi tikudziwa mmene zimenezi zimathera, ndipo pano ndikulankhulanso kwa a kwathu. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, msasa unatsegulidwa mu 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000. Muli anyamata ndi atsikana obadwira momwemo, olankhula Chichewa chabwino kuposa ana anga, amene saloledwa kukhala kunja kwa msasa kapena kugwira ntchito momasuka. Mu 2023 amene anayesa kudzipezera moyo m'matauni anasonkhanitsidwa n'kubwezedwa kumsasa. Dziko lathu linasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi pa nthawi ya nkhondo yawo, ndipo timanyadira zimenezo, koma za Dzaleka sitinganyadire. Ndikuzitchula kuti mudziwe kuti sindikuloza chala ngati wochokera koyera. Ndaona ndi maso anga chimene moyo wodikira umachita kwa munthu, ndipo sindikufuna kuchionanso kuno.

Ndikudziwa zimene alangizi anu anene. Anena kuti ntchito ya mapepala iyenera kudzilipirira yokha, wokhoma msonkho asasenze. Anenanso kuti mukatsegula khomo, ena adzanama kuti amenyedwa. Pa za kunama, wosefa ndi umboni, ndipo umboniwo mumaufuna kale. Mtengo sugwira wabodza, chifukwa wabodza wa ndalama amalipira n'kudutsa, woona wopanda ndalama n'kutsala. Pa za wokhoma msonkho, iye akulipira kale, kungoti kudzera khomo lina. Mayi wa ana akasowa pokhala, khonsolo imakakamizidwa ndi ndime 17 ya Children Act ya 1989 kumusunga, nthawi zina m'hotela kwa miyezi. Akabwerera kwa womuzunza, amalipira ndi ambulansi, chipatala, apolisi, khoti, ndi aphunzitsi amene akulimbana ndi mwana wosagona tulo. Lipoti la Mayi Jacobs la mu December 2022 linawerengera zimenezi n'kupeza kuti kutsegulira amayi onse njira kungabweretse phindu loposa ndalama zolowa. Thumba la pafupifupi £1.5 miliyoni limene boma linakhazikitsa mu 2021 lothandiza amayi opanda thandizo la boma lapulumutsa anthu, koma ndi la masabata owerengeka, ndipo mapepala silipereka. Ndipo wokhoma msonkho amene mukumunenayo ndi ifenso. Mtsikana wa patapata uja amakhoma msonkho mwezi uliwonse.

A kazembe athu ku London, inunso nkhaniyi ikukukhudzani. Mayi wolandidwa pasipoti amafuna ina mwachangu, chifukwa popanda chiphaso palibe fomu imene ingayende. Mukhale ndi munthu mmodzi wodziwika woti mayi wotereyu alankhule naye mwachinsinsi, nkhani yake isakafike kwa abale a mwamuna. Abusa athu, atsogoleri a magulu a Amalawi, alangizi a pa zikwati, lekani kubweza ana a eni kumoto ndi mawu oti pirira. Kwathu komwe kuli lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006. Mwamuna wogwiritsa viza ngati chikwapu tisamupatse mpando wakutsogolo pa zochitika zathu.

Olemekezeka Nduna, mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye ndabwera kwa inu. Mitengo imeneyi imasinthidwa pafupifupi chaka chilichonse popanda kudikira lamulo latsopano lalikulu, ndipo mmene mumaikwezera ndi mmenenso mungaichotsere. Wozunzidwa m'banja amene umboni wake wavomerezedwa asalipire kanthu, iye ndi ana ake, ndipo asafunsidwe masitetimenti a akaunti imene sanaigwirepo. Womaliza zaka 10 aloledwe kupempha kukhululukidwa pa indefinite monga amachitira pa zilolezo zinazo. Kwa ena onse, mtengo ubwerere pafupi ndi ndalama zenizeni za ntchitoyo. Wothawa kwawo akhazikike pa zaka zisanu, kwaulere, banja lake lili pambali pake.

Sabata yatha anandiimbira mayi wina wa ana awiri, amene anabwera ngati wodalira viza ya ntchito ya mwamuna wake. Ankalankhulira m'bafa, madzi atatsegula kuti asamveke. Jumbo yake walongedza kale, waibisa kwa neba. Anandifunsa kuti akatuluka, miyezi itatu ikatha, iye ndi anawo zidzawathera bwanji. Ndinamuuza kuti sofa yanga ilipo usiku uliwonse, ndipo akaona kuti moyo uli pangozi aimbe 999 osaganizira za mapepala. Za pambuyo pa miyezi itatu ndinalibe chomuuza. Anati aimbanso Lachisanu mwamuna akapita ku shifiti ya usiku, ndipo ndikupempha mundipatse yankho loti ndikamuuze.

Ine wanu,
Mayi wa ku Malawi wosamalira okalamba, kumpoto kwa England